Hayidiroliki ya thirakitala ikamakana m'mawa wa chisanu n'kumagwira masana

Funso: Ndimagwira ntchito pa famu ya ng'ombe kufupi ndi Bethlehem ku Free State, m'dziko la South Africa. Ndimayendetsa Massey Ferguson 290 yokhala ndi loda kutsogolo, yonyamulira mabelo a udzu. Chiyambire mwezi wa Juni, m'mawa injini imalira bwinobwino koma mikono yakumbuyo siikwera, loda imangonjenjemera, ndipo pansi pa mpando pamamveka kugogoda. Ikamakwana 11 koloko zonse zimayamba kugwira ntchito. Anzanga ena akuti oyilo akuundana, ndithiremo parafini pang'ono. Ena akuti pampu yatha. Ndichite chiyani?

Yankho: Achimwene, parafiniyo musathire, ndipo abwana musawauze kaye kuti agule pampu. Zimene mwalongosolazi zikuloza ku madzi amene ali mu oyilo wa m'giyabokosi. Madziwo amaundana usiku n'kutseka njira imene pampu imayamwira oyilo, ndiye dzuwa likafunditsa chitsulo cha m'ma 11 koloko amasungunuka, njira n'kutseguka. Pampu yotha imachita zosemphana ndi zimenezi. Imanyamula bwino m'mawa, chifukwa oyilo wozizira ndi wokhuthala ndipo sapulumuka msanga m'mipata yoperepeseka, kenako imafooka masana oyilo akatentha n'kupyapyala. Yanuyo ikukana m'mawa n'kumagwira masana, choncho vuto lili ku mbali yoyamwa: madzi oundana, kasefa kotsekeka, oyilo wosayenera nyengo, kapena zitatu zonsezi pamodzi.

Oyilo weniweniyo saundana pa kuzizira kwa ku Free State. Ku Bethlehem, komwe kuli pamtunda wa mamita oposa 1,600, m'mawa wa Juni ndi Julayi kuzizira kumatsika pansi pa 0°C kawirikawiri, masiku ena mpaka -5°C kapena kutsikirapo. Oyilo wa thirakitala wa mtundu wa UTTO, wopangidwira giyabokosi, difu ndi hayidiroliki pamodzi, amayendabe ngakhale pa -30°C. Chimene amachita n'kukhuthala basi. Tengani chitsanzo cha oyilo wa hayidiroliki wolembedwa ISO VG 46: nambala 46 ikunena kukhuthala kwake pa 40°C, koma pa 0°C amakhala atakhuthala kuposa ka 10. Zimenezi zimachedwetsa mikono, siziimitsa. Thirakitala yokhala ndi oyilo woyera koma wozizira imakwera mwaulesi, ndipo pakatha mphindi 10 kapena 15 injini ikulira imabwerera mwakale. Inu mukudikira maola anayi kapena asanu, mpaka dzuwa litalowa m'chitsulo. Nthawi imeneyo ndi ya madzi oundana, osati ya oyilo wokhuthala.

Kapangidwe ka Massey kamachititsa kuti madzi ochepa avute kwambiri. Pa mathirakitala a mtundu wa Ferguson, kuyambira TE20 ya mu 1946 mpaka 135, 165 ndi 290 yanuyo, giyabokosi, difu ndi hayidiroliki zimagwiritsa ntchito oyilo mmodzi. Pampu ya mikono ndi ya mapisitoni anayi, ili pansi penipeni pa bokosi lapakati, yomira mu oyilo, ndipo imazunguzidwa ndi shafiti ya PTO, ija yozunguza zida zomangidwa kumbuyo kwa thirakitala. Valavu yoyendetsa oyilo ili pa pampu pomwepo, ndipo pa 290 yanuyo kasefa ka waya nakonso kali pomwepo. Madzi ndi olemera kuposa oyilo, ndiye thirakitala ikagona usiku amatsikira pansi, ndendende pamene pali pampu, valavu ndi kasefa. Akaundana amamata timabowo ta kasefa kapena kugwira valavu kuti isasunthe. Pampu imayamwa oyilo wochepa wosakanikira ndi mpata wopanda kanthu, n'chifukwa chake mukumva kugogoda ndipo loda ikunjenjemera. Ngati thirakitala yanu ili ndi pampu yachiwiri ya magiya yodyetsa mavalavu a kunja, imeneyo ikamanidwa oyilo imalira mokwera, mwa mluzu.

Kugogodako musakutenge mopepuka. Pampu ikamayamwa njira itatsekeka, mu oyilo mumapangika timathovu timene timaphulika pa chitsulo n'kumachikumba pang'onopang'ono. Amakaniko amati cavitation. Komanso madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, ndipo akaundanira m'zipinda za mavalavu a pampu amatha kung'alula chitsulocho. Pampu imene lero ili bwino mukhoza kuipha nokha m'mawa uliwonse poponda mafuta kwambiri kuti mikono ikwere.

Mwina mukudabwa kuti madzi achokera kuti, pakuti ku Free State nyengo yozizira mvula siigwa kwenikweni. Ambiri analowa kale m'miyezi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, koma panthawiyo sankavuta chifukwa sankaundana. Khomo lawo lalikulu pa Massey ndi malabala a pa tsinde la ndodo za magiya. Labala ikang'aluka, madzi a mvula amatsetsereka ndi ndodoyo mpaka m'giyabokosi. Khomo lachiwiri ndi labala yophimba sipulingi yaikulu ya draft control (yowongolera kuzama kwa pulawo m'nthaka), kumbuyo kwa mpando pamene pamamangidwa top link, ndodo ya pamwamba yogwira chida. Ena amalowa pa chotsekera pothirira oyilo, pa dipisitiki, ndiponso pochapa ndi makina opopera madzi mwamphamvu, amene amakankha madzi kupyola ma seal, malabala otsekera oyilo kuti asatuluke. Otsalawo ndi mame a m'kati. Kumeneko masana kumafunda mpaka kupitirira 15°C, usiku kumagwa chisanu. Bokosi likamazizira limakoka mpweya wakunja, nthunzi ya mu mpweyawo imasanduka timadontho pa chitsulo chozizira, timadonthoto n'kugwera mu oyilo. Thirakitala yodyetsera ng'ombe ndiyo imavutika kwambiri, chifukwa imagwira ntchito mphindi 20 kapena 30 n'kuzimitsidwa, oyilo asanatenthe mokwanira kuti madziwo auluke.

Kutsimikiza kuti ndi madzi

Yambani ndi dipisitiki ya giyabokosi, masana thirakitala itangogwira ntchito. Oyilo wabwino amaonekera mkati, ngakhale atada. Wokhala ndi madzi amatuwa ngati tiyi wamkaka. Koma thovu nalonso limatuwitsa oyilo, ndiye tungani pang'ono m'botolo loyera lagalasi, mulitseke, muliike pamalo ofunda kwa maola 24. Ngati linali thovu, oyilo amayera kuyambira pansi kukwera m'mwamba pakangopita ola limodzi kapena awiri. Ngati ndi madzi, amakhalabe otuwa, kapena pansi pa botolo pamaoneka mzere wa madzi. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika chifukwa thovu lili ndi zoyambitsa zake: oyilo wochepa m'bokosi, kapena mpweya wolowera pa payipi yoyamwa. Pa mathirakitala amene payipi yoyamwa ili kunja, labala imakhwinyata kukazizira, kilampu n'kukhwepa, mpweya n'kumalowa popanda ngakhale dontho la oyilo kuoneka kunja.

Kuyesa kwachiwiri n'kwa moto. Tenthetsani kachitsulo kosalala mpaka pafupifupi 150°C, muchotse pa moto, mudonthezepo oyilo dontho limodzi mutavala magalasi. Oyilo wouma amangoyenderera n'kufuka. Wa madzi amathetheka. Njira imeneyi imagwira madzi ngakhale atachepa mpaka 0.1 peresenti, ndipo mu malita 40 zimenezo ndi mamililita 40 okha, osakwana masipuni atatu aakulu.

Kuyesa kwachitatu ndi komwe ndimakukhulupirira kwambiri chifukwa kumachotsanso madziwo. Ikani thirakitala pamalo athyathyathya, m'shedi momwe simuundana, igone usiku wonse. M'mawa musanalize injini, ikani ndowa pansi, mumasule pulagi yokhetsera oyilo pang'onopang'ono, osaichotseratu, mpaka itayamba kudontha. Madzi amatsogola. Alekeni atuluke mpaka oyilo atayamba kubwera, kenako mangani. Massey ili ndi mapulagi oposa imodzi pansi pake, ya giyabokosi ndi ya bokosi lapakati, ndiye chitani zonse. Mukamasula pulagi m'mawa wa chisanu thirakitala itagona panja, n'kupeza kuti sipakutuluka kanthu, musaganize kuti oyilo watha. Ndi madzi oundana atseka bowolo, ndipo yankho lanu mwalipeza. Musatokose ndi sikuludiraiva, chifukwa akangoboka oyilo yense adzakuthirani m'manja.

Musanathamangire kukhuthula oyilo, onani ngati chakana ndi chilichonse kapena chinthu chimodzi chokha. Pa ma Massey ambiri a msinkhu umenewu chiwongolero chili ndi pampu yakeyake pa injini, yokhala ndi kathanki kake, choncho chikamatembenuka bwino sizikutanthauza kuti giyabokosi ili bwino. Mikono ndi loda zikakana limodzi, vuto lili ku pampu ndi kasefa. Mikono ikamakwera koma loda ayi, yang'anani kwina. Ngati liva ya loda yauma osasuntha, kawirikawiri ndi madzi oundana m'chikopa cha kebulo, kapena m'kachipewa ka kumapeto kwa spool (kandodo kosuntha m'kati mwa valavu), momwe mumakhala sipulingi. Kachipewako kamasunga madzi, makamaka ngati valavu inamangidwa choimirira kachipewa kali pansi. Musakoke liva mwamphamvu, mudula kebulo. Fundutsani ndi mpweya wotentha, masulani kachipewako, pukutani, pakani girizi pang'ono, ndipo ngati kali ndi kabowo kotulutsira madzi katsegulani. Kebulo yolowa madzi ithireni oyilo wopyapyala kuchokera kumtunda mpaka atulukire kumunsi. Chikopa chikang'aluka, gulani ina.

Ma coupler, zolumikizira mapayipi a hayidiroliki, nawo amapusitsa anthu. Madzi akaundana m'kamwa mwake, coupler imaoneka ngati yalowa pomwe kavalavu ka m'kati sikanatseguke, ndiye injini imamveka kulemedwa koma silinda siisuntha. Palinso china chimene chimachitika m'nyengo imeneyi: mukachotsa chida m'mawa kukuzizira n'kuchisiya padzuwa, oyilo wotsekeredwa m'mapayipi ake amafufuma. Mu chitsulo chotsekedwa pulesha imakwera ndi pafupifupi 10 bar (bar ndi muyezo wa pulesha) pa digiri iliyonse, ndiye masana coupler imakana kulowa. Musaimenye ndi hamala. Kulungani nsanza yokhuthala pa nati ya payipi, mumasule pang'ono ndi sipanala mpaka oyilo atadontha, mumange.

Zinthu zitatu zazing'ono zimene zimaiwalika. Pa Massey ya kilatchi ya magawo awiri, mukaponda kilatchi mpaka pansi pampu ya mikono imaima, chifukwa imayendera shafiti ya PTO. Munthu amene amatenthetsa injini phazi lili pa kilatchi sakutenthetsa oyilo wa hayidiroliki n'komwe. Chachiwiri, ngati loda imatenga oyilo kudzera pa valavu yosankhira, onani kuti yaloza koyenera, pakuti valavu yozizira imatha kuima pakati. Chachitatu, mikono ikakwera n'kumakana kutsika, onani liva yoyendetsa liwiro lotsikira. Ikakhala pa kutsika pang'onopang'ono, oyilo wozizira amalephera kupyola kabowo kake, makamaka ngati kumbuyo kulibe chida cholemera. Pa mathirakitala atsopano amene mavalavu ake amayendera magetsi pamawonjezekera batire: likafooka ndi chisanu, ma solenoid, timaginito ta magetsi tokankha mavalavu, sawatsegula. Batire labwino limaonetsa 12.6 V injini ili chete, ndipo pakati pa 13.8 ndi 14.4 V ikulira. Pa 290 yanu zimenezi sizikukhudzani.

Mawa m'mawa ng'ombe zikufuna udzu

Njira yapafupi n'kusalola kuti madziwo aundane. Madzulo ano lowetsani thirakitala m'shedi oyilo akadali wofunda, tsitsani loda ndi mikono pansi, mufunditse bokosi lapakati ndi lona kapena mabulangete akale. Ngati shedi palibe, iimikeni pamene dzuwa la m'mawa limayambira kuwomba, kotetezeka ku mphepo. Kuli magetsi, hita ya maginito ya mawati 200 kapena 300 yomatidwa pansi pa bokosi maola awiri kapena atatu musanayambe ntchito imakwanira. Hita yopemerera mpweya nayonso imathandiza ikaloza pansi pa bokosi, lona itatchinga m'mbali koma osakhudza hitayo. Moto wa nkhuni, mbaula kapena chowotcherera cha gasi pansi pa thirakitala ayi. Pamenepo pamakhala oyilo wodontha, dizilo ndi zinyalala za udzu wouma, ndipo moto wolunjika pamalo amodzi umapsereza ma seal ndi mapayipi. Madzi otentha amagwira pa coupler kapena pa valavu ya kunja, koma pukutani bwino, apo ayi mawa mudzapeza aundana kuposa lero.

Mukaliza injini, ikani magiya pa nyutirali, chotsani phazi pa kilatchi, isiyeni pa rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi) 1,000 mpaka 1,200 kwa mphindi 5 mpaka 10, chitseko cha shedi chili chotsegula chifukwa utsi wa m'nyumba yotseka umapha. Kenako yesani kukweza mikono popanda katundu. Ikagogoda kapena kulira, bwezani liva msanga, dikirani. Ikayamba kusuntha, kwezani ndi kutsitsa kangapo, muchite chimodzimodzi ndi loda, silinda iliyonse mpaka kumapeto, kuti oyilo wozizira wa m'masilinda abwerere m'bokosi. Alipo amene amagwira liva silinda itafika kumapeto kuti oyilo apyole pa relief valve, valavu yotulutsa pulesha ikachuluka, n'kutentha msanga. Zimagwira, koma masekondi 10 okha nthawi imodzi, ndipo pokhapokha oyilo akuyenda kale bwino. Pa pampu yomanidwa oyilo, njira imeneyi imangofulumizitsa imfa yake. Kuyendetsa thirakitala pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo kumatenthetsanso oyilo, poti magiya amamuvundula. Belo loyamba munyamule pamene loda yasiya kunjenjemera.

Za parafini zija. Anzanu sakunama kuti amapyapyalitsa oyilo, koma sasungunula madzi oundana, choncho vuto lanu salikhudza. Chimene amachita n'kufooketsa oyilo amene akutetezanso magiya a difu ndi ma bearing, ndipo masana kukatentha amakhala wamadzimadzi. Pa thirakitala imene mabuleki ake ndi omira mu oyilo yemweyo, kapena ya kilatchi ya PTO yomira mu oyilo, parafini ndi dizilo zimasokoneza kagwiridwe ka mbale zake, mabuleki n'kuyamba kulira kapena kuterereka. Antifreeze, mankhwala oletsa madzi a m'rediyeta kuundana, ndiye choipitsitsa: amasakanikirana ndi oyilo n'kupanga matope omata kasefa. Sipiliti nayenso ayi, amawononga labala.

Kukonza kwenikweni

Madzi amene mwakhetsa pa pulagi ndi okhawo amene anapatukana. Oyilo wa UTTO anapangidwa kuti azigwira madzi pang'ono m'kati mwake, ndiye akatuwa ndiye kuti wakhuta, ndipo palibe chochitira mwina koma kumusintha. Chitani masana, thirakitala itagwira ntchito ola lathunthu kuti oyilo atenthe ndi kunyamula zinyalala. Tsitsani mikono mpaka pansi, bwezani masilinda a loda m'kati mmene mungathere kuti oyilo wambiri abwerere, zimitsani injini, gwedezani maliva onse kuti pulesha ithe. Chotsani mapulagi onse, mulole kukha kwa theka la ola kapena kupitirira. M'bokosimo mumalowa malita oposa 30, ndiye konzekerani zotengera zokwanira. Kuchuluka kwenikweni kwa mtundu wanu kuli m'buku la thirakitala. Yang'anani maginito a pa mapulagi. Phala lotuwa losalala ndi la masiku onse. Tizidutswa ta chitsulo tomveka m'zala ndi nkhani ina, itanani makaniko.

Pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi pa kasefa ka pampu. Amasintha oyilo n'kukasiya, chifukwa kali kobisika. Pa ma Massey ena mumakafikira pochotsa chivindikiro cha m'mbali mwa bokosi lapakati, pa ena pali kachivindikiro kake pansi. Kachotseni, katsukeni m'dizilo kapena m'parafini ndi burashi yofewa, kaumitseni ndi mpweya wopemerera kuchokera m'kati kupita kunja. Kakang'ambika, sinthani. Chivindikiro chili chotsegula chomwecho, unikani ndi tochi pansi pa bokosi. Matope otuwa amene mungaone achotseni ndi nsanza yosathothoka ulusi. Bwezani ndi gasiketi ndi ma O-ring (timphete ta labala) atsopano. Ngati pali fyuluta ya pepala ya pampu yachiwiri kapena ya loda, sinthani ndithu ngakhale ili yatsopano, pakuti pepala likamwa madzi limafufuma, ndipo likaundana limatsekeratu. Kathanki ka chiwongolero nakonso kali ndi fyuluta yake m'kati, imene ambiri sanaionepo.

Oyilo anali wotuwa kwambiri? Kusintha kamodzi sikukwanira, chifukwa masilinda a loda, mapayipi ndi makona a bokosi zimasunga malita angapo a oyilo wakale. Thirani oyilo wa mtundu woyenera, wotsika mtengo ngati alipo, gwirani ntchito maola ochepa mukuyendetsa silinda iliyonse mpaka kumapeto, khuthulani akadali wotentha, thirani wabwino. Ndalama yake imapweteka, koma siifika pa mtengo wa pampu kuphatikiza ntchito yochotsa chivindikiro cha pamwamba. Kutsuka ndi dizilo injini ikulira, monga ankachitira akale pa mathirakitala a mabuleki ouma, sindikukulangizani: dizilo sateteza pampu, ndipo wotsalira amapyapyalitsa oyilo watsopano. Oyilo wakaleyo musatayire pansi kapena m'ngalande. Ku South Africa kuli otolera oyilo wogwiritsidwa ntchito ogwirizana ndi ROSE Foundation.

Tsiku lomwelo tsekani makomo a madzi. Malabala a ndodo za magiya ndi otchipa ndipo kusintha kwake n'kwa mphindi zochepa. Ya pa draft control imafuna kanthawi, koma ikang'ambika musaisiye. Uzani wochapa kuti asalozetse madzi pa malo amenewa. Mukapanda kutero, chaka chamawa mudzagulanso oyilo yense.

Pa oyilo wothira, musayang'ane dzina la kampani, yang'anani manambala a kumbuyo kwa chigubu. Wa Massey afunika kulembedwa kuti akukwaniritsa muyezo wa Massey Ferguson umene buku lanu likutchula, monga CMS M1135, M1143 kapena M1145. Pa John Deere muyezo wake ndi J20C, ndipo J20D ndi wopyapyala wa kumadera ozizira koopsa; Ford ndi New Holland ndi M2C134-D; Kubota ili ndi UDT ndi Super UDT2. Pa kuzizira kwa ku Bethlehem, UTTO wa 10W-30 akwanira chaka chonse, simufunika oyilo wa ku Canada. Zolakwika zimene zimapezeka kawirikawiri m'mafamu ndi ziwiri. China n'kuthira oyilo wa magiya wa EP 90 kapena 85W-140 poganiza kuti giyabokosi ndi giyabokosi. Ameneyo pa 0°C pampu imavutika kwambiri kumukoka kupyola kasefa, ndipo ngati wina anawonjezerapo wotereyu m'thirakitala yanu, ndiye kuti mavuto anu ndi awiri. China n'kuthira oyilo wa hayidiroliki wamba wa ISO 46 kapena 68, amene alibe mankhwala otetezera magiya a difu ndi mabuleki omira. Ameneyo ngwa loda yokhala ndi thanki yakeyake ndi pampu ya kutsogolo kwa injini, ndipo kumeneko ISO 32 kapena 46 wolembedwa HV, amene sasintha kwambiri ndi nyengo, ndiye woyenera m'malo mwa 68.

Mukachita zonsezi koma mikono n'kukhalabe yofooka, apo ndiye nthawi ya geji yoyezera pulesha. Makaniko amange geji yofika 250 bar kapena kuposa pa potulukira oyilo, ayese oyilo atatentha bwino. Mathirakitala ambiri a msinkhu uwu amapereka pakati pa 170 ndi 200 bar. Nambala yeniyeni ya wanu ili m'buku. Pulesha yochepa ikhoza kukhala ya relief valve imene yagwidwa ndi kachitsotso kapena dzimbiri, ya ma O-ring a payipi yoimirira yopita ku chivindikiro cha pamwamba, ya ma ring a pisitoni ya mikono, kapenadi ya pampu. Pa Massey pali njira yosavuta yosiyanitsira: oyilo atatsitsidwa kufika pansi pa chivindikiro cha m'mbali, chida cholemera chitakwezedwa, makaniko amaunika m'kati. Oyilo wogwa kuchokera kumwamba akuloza ku silinda kapena payipi yoimirira. Wotumphuka pansi akuloza ku valavu kapena pampu. Dzanja lisalowe m'menemo injini ikulira.

Chisanu chimaumitsa mapayipi a labala, ndipo akale amang'aluka akapindika m'mawa. Pofufuza pochucha gwiritsani ntchito katoni, osati dzanja, ngakhale mutavala magolovesi. Oyilo wotuluka pa kabowo kakang'ono amaboola khungu pa pulesha yochepa ngati 7 bar, ndiye wanu ali pa 170 kupita m'mwamba. Bala lake limaoneka laling'ono ndipo poyamba silipweteka kwambiri, koma oyiloyo amawononga minofu m'kati. Zikachitika pitani kuchipatala nthawi yomweyo, muwauze madokotala kuti ndi oyilo wa hayidiroliki wolowa ndi pulesha, chifukwa pamafunika opaleshoni pasanathe maola ochepa. Musalowenso pansi pa loda yokwezedwa popanda chochirikiza cholimba, makamaka m'mawa wotere: valavu yogwidwa ndi madzi oundana imatha kumasuka mwadzidzidzi.

Ku sitolo ya pa famu kayang'aneninso mmene madiramu a oyilo akukhalira. Diramu yoimirira panja imasunga madzi a mvula pamwamba pake, ndipo ikamazizira usiku imawakoka kupyola chotsekera, ngakhale chili chomangidwa. Pali mafamu amene amasintha oyilo bwinobwino n'kuthira madzi atsopano ochokera m'diramu. Isungeni m'nyumba, kapena muigoneke cham'mbali zotsekera ziwirizo zili mopingasa kuti oyilo azizikwirira m'kati. Fanulo ndi jagi yothirira zikhale zovindikira.

Kuyambira tsopano, kusintha oyilo wa giyabokosi kukakwana muzikuika m'mwezi wa Epulo kapena Meyi, mvula itatha chisanu chisanafike, ndipo chaka chimene simukusintha muzikhetsa madzi pa mapulagi nthawi yomweyo. M'miyezi ya Juni mpaka Ogasiti, kamodzi pa sabata ipatseni thirakitala ntchito yolemera ya ola limodzi kapena awiri kuti oyilo atenthe n'kuulutsa chinyezi. Abale amene amayendetsa mathirakitala kwathu, kaya ku Dedza kapena kumapiri a Nyika komwe kumagwa chisanu m'Juni ndi Julayi, kawirikawiri sadzaona madzi ataundana m'bokosi, koma madzi omwewo akhala akudya ma bearing ndi kuchititsa dzimbiri valavu ya pampu mwakachetechete. Botolo lagalasi ndi kumasula pulagi mvula ikangotha n'zofunika kwa iwonso.